Tsiku Limene Ndinaulula za Botolo la Atate

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi 5, tikukhala ku Kafue Estates m'nyumba ya kampani. Atate ankagwira ntchito yonyika nsalu mu utoto pafakitale ina ya boma. Kusukulu ankatiphunzitsa kuti fakitaleyo ndi yathu tonse, ndipo woinenera zoipa ndi mdani wa dziko. Ine ndinali kamtsikana kokonda kutamidwa, choncho mawuwo ndinangowameza osatafuna.

Kuseri kwa fakitale kunali ngalande yothira mumtsinje. Madzi ake ankasintha mtundu, lero ofiira, mawa obiriwira, fungo lake lolasa m'mphuno. Atate ankaweruka akutsokomola, manja atasupuka, poti magolovesi anatha kalekale. Akadandaula ankauzidwa kuti apirire, dziko likufuna ndalama zakunja.

Kenako tinamva kuti kukubwera alendo akunja odzagula nsalu. Loweruka masana anzawo awiri a atate anafika kwathu, ine ndikutsuka mbale pakhonde. Atate anatulutsa botolo la madzi a m'ngalande muja.

"Tizabaonesa balendo aba," anatero. "Baone vamene bantu bakumwa kumusi uku."

Lolemba ndinakawauza aphunzitsi athu za botololo. Palibe anandifunsa, palibe anandiopseza. Ndinkadziwanso bwino lomwe kuti amuna awo ndi kapitawo wa atate. Ndinangofuna kuti andione kuti ndine mwana wokonda dziko. Anandisisita pamutu, nkundisankha kuti ndidzapereke maluwa kwa alendo.

Alendo anafika ngalande itatsekedwa masiku awiri. Ndinapereka maluwawo nditavala diresi la chitenje chatsopano, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Atate anabwezedwa pageti tsiku limenelo, ndipo sanalowenso. Pakutha pa mwezi tinanyamula katundu pangolo kupita ku komboni ya Nangongwe, anthu asanu ndi awiri m'kachipinda kamodzi.

Amayi atadziwa amene anaulula, anathyola kamtengo. Atate anawagwira dzanja.

"Musiye mwana. Anachita vamene banamupunzisa."

Akanandikwapula, mwina zikanandipepukira. M'malomwake ndinkawaona atate m'mawa uliwonse akukwera njinga kukalima m'madimba a eni ku Shimabala, akuima panjira kuti chifuwa chiwadutse. Anthu akawafunsa za ntchito ankangoti, "Inasila," kutanthauza kuti inatha, osatchula dzina langa.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo. Ndazindikira kuti fakitale imene inkatchedwa ya anthu onse inkasamala wogula wakutali kuposa munthu wonyika nsaluyo ndi womwa madzi kumunsi, ndipo amene anaikonda zenizeni ndi amene anatunga botolo lija. Koma manyazi anga aakulu sali pa zimene ndinachita ndili mwana. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka, atate ali moyo, osawapepesa. Ndinkadikira kuti aiyambe ndi iwo nkhaniyi, ndipo sanaiyambe mpaka tinawaika m'manda.