Momwe Ndinatulukira M'vuto la Mdzukulu Wanga

Mdzukulu wa malemu mchemwali wanga ankaphunzira ku koleji ku Zomba. Chaka chake chomaliza anayamba kubwera kwathu Loweruka lililonse. Chimwalirire mayi a kunyumba, ndiye anali woyamba kukhala nane pakhonde mpaka tiyi kuzizira.

Anandiuza kuti akufunika kuchita kafukufuku, ndipo aphunzitsi ake anati ayambe wapeza vuto.

"Wachoka ku Zomba konse kudzafuna vuto?" ndinatero. "Khala pansi, ndikudzazira dengu."

Ndinamuuza za ife okalamba otsala tokha, ana atapita ku Limbe ndi ku Joni. Munthu umatha tsiku osatsegula pakamwa, ndipo ukadwala zoyamba kudziwa ndi mbuzi zimene sunazitsekulire. Iye analemba zonse, pamwamba n'kuika mutu wakuti: moyo wa okalamba okhala okha.

Sabata yotsatira pepalalo linabwera litafiira ndi inki.

"Aphunzitsi akuti vutoli lakula kwambiri, agogo. Ati vuto la kafukufuku si chimene chikukupweteka, koma chimene anthu sanachidziwe bwino. Ndiye lichepe, loti munthu mmodzi n'kulikwanitsa."

"Ndiye zangazi akuzidziwa kale? Anafika liti pakhomo pano bambo ameneyo?"

"Ndi mayi, agogo."

"Chimodzimodzi, sindinawaonepo."

Komabe ndinamuthandiza. Ndinagwira ukalaliki zaka zambiri, chiganizo chokhota ndimachiona chili patali. Tinachotsa mawu akuti moyo, n'kusiya kadyedwe. Tinachotsa boma lonse la Chiradzulu, n'kusiya midzi yozungulira Mbulumbuzi. Zolinga zake zoyamba zinkayamba ndi "kuthetsa", aphunzitsi n'kuzikhwatcha zonse. Ati wophunzira sathetsa kanthu, amangofufuza, kuyerekeza ndi kufotokoza. Zimenezo zinandiwawa, koma pepala lililonse lokanidwa ndinkaliwongola n'kuliika m'sutikesi, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi malisiti a feteleza. Ndinkadziwa chinthu chimodzi: malinga ngati vutolo linali la okalamba okhala okha, mwanayo akanabwerabe kudzandifunsa mafunso, mwina mpaka nandolo kuuma.

Tsiku lina anafika akuvina asanalonjere n'komwe.

"Avomera, agogo!"

Anandiwerengera: kadyedwe ka amayi okalamba olera ana amasiye, m'miyezi ya njala.

"Amayi? Olera ana?"

"Eya. Ati pamenepo ndiye pali mpata, sipanafufuzidwe mokwanira."

"Nanga ine ndilowa pati?"

Anayang'ana pepala lake ngati ndabisala m'mizere. "Inu simukulowa, agogo. Ndinu bambo, komanso pakhomo pano mulibe ana."

"Ndiye andichotsa chifukwa chokhala ndekha?"

"Aaa, musatero. Ndidzakuikani pa tsamba lothokoza."

"Tsambalo limabwera kudzamwa tiyi?"

Anaseka, ine sindinaseke. Ndinatenga cholembera n'kumukonzera cholinga chachiwiri, chimene chinali ndi mneni wolakwika. Ntchito yosalongosoka siituluka pakhomo panga, ngakhale yondichotsa ine.

Zolinga zake ndi zabwino, zolunjika, ndipo sindingazitsutse. Koma mpaka lero sindimvetsa kuti anthu ophunzira anatenga bwanji mawu athu akuti vuto n'kuwasema mpaka mwini vuto kugwera kunja.

Midzi ya amayi aja njira yake imadutsa kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi munda wanga. Loweruka lina ndikuchotsa udzu m'mbali mwa munda ndinamuona ali pa kabaza, chikwama cha mafunso chili pamiyendo. Anakweza dzanja n'kukuwa kuti, "Ndachedwa, agogo, akundidikira!" Wakabaza sanachepetse liwiro.