Uuse, Osati Uutse

Uthenga unandipeza pa buleki, ndili m'chipinda cha aphunzitsi, manja nditakumbatira kapu ya tiyi chifukwa cha chisanu. Unali mwezi wa Juni, nkhungu itatsika phiri la Dedza mpaka kufika pabwalo la sukulu yathu. Woimba foniyo anali mwini lole. Anati galimoto yake yagubuduzika pamsewu waukulu itasenza matumba a kachewere, ndipo mphwanga, mwana wa alongo anga, amene anakhala pamwamba pa katunduyo, wafera pomwepo. Thupi anali atapita nalo kale kuchipatala.

"Inu ndinu malume ake, nambala yanu ndiye taipeza," anatero. "Mayi ake sitinawauze."

Ndisanabweze n'komwe foni m'thumba, mphunzitsi mnzanga wina anandikodola. "Mwaiona ngozi iyi? Abale inu, ine ndalira mpaka chakudya chandikanika." Ankanena izi ali ndi theka la mandasi kukamwa, theka linalo kumanja. Anandiyandikizira foni yake kumaso. Pachithunzipo panali lole itagona chagada, mbatata zili mbwee pamsewu, ndi munthu atafunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Miyendo inali pamtunda. Pabondo la buluku panali chigamba chobiriwira.

Sindinamuuze mnzangayo kuti munthuyo ndi wanga. Ndinangopempha chilolezo kwa ahedi, n'kutuluka ndi choko m'zala.

Alongo anga ndi aakulu kwa ine. Amakhala okha kumudzi kwathu, kupitirira Lobi, chimwalirireni alamu. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo tsiku lina anagwapo m'munda wa nyemba atangomva kuti mbuzi zawo zabedwa. Mbuzi chabe. Tsono mnyamata ameneyu anali mwana yekhayo amene anawatsalira. Mantha anga anali amodzi: kuti wina awaonetsa chithunzi chija ali okha, ali chiimire, popanda wowagwira. Ndinafunika kufika kumudzi chithunzicho chisanafike.

Kwathu uthenga wa maliro suponyedwa ngati mwala. Umanyamulidwa ndi munthu, ndi miyendo yake. Ukafika suyambira kwa mwini wake. Umayamba wadutsa kwa oyandikana nawo kuti amayi awiri atatu adzakhale pafupi. Ukatero umapempha odi, kukhala pansi, kuvula chipewa, kupatsana moni wonse mpaka kufunsana za ana ndi ziweto. Pokhapo m'pamene umati, "Tabwera ndi zovuta." Ndili mwana ndinkaona ngati akuluakulu amangozengereza. Tsiku limenelo ndinamvetsa, koma ndinali ndi makilomita ambiri pakati pa ine ndi mwambowo, pamene chithunzi sichidikira minibasi.

Ndinaimbira kafoni ka mabatani ka mayi wina wa mu mphakati wawo wa kutchalitchi, amene amayandikana nawo nyumba. Sikanapezeke. Kumudzi kuja netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa tchalitchi. Poyamba ndinatukwana chuluchi mumtima, kenako ndinachithokoza, kenako ndinakumbukira kuti achinyamata a m'mudzimo amakwera pachulupo kangapo pa tsiku ngati mbuzi.

Pa siteji minibasi inali ndi anthu anayi. Woitanira ankakuwa kuti, "Wotsala mmodzi!" Ndinakhala, n'kutsika, n'kukweranso. Dalaivala anali kumetetsa. Poti manja analibe chochita, ndinachita chimene sindinayenera kuchita: ndinatsegula tsamba la mchezo la pa intaneti pamene anaikapo ngozi ija n'kuyamba kuwerenga ndemanga za pansi pa chithunzi.

Woyamba analemba kuti, "Ndine woyamba kukomenta." Basi. Anapambana mpikisano wake, ndikhulupirira mphoto analandira. Pansi pake panandandalikana zilembo zitatu zachingerezi zija zimene anthu amaponya pa maliro aliwonse, ena n'kuwonjezapo tinkhope tolira tisanu, ena khumi, ngati chisoni amayeza pa sikelo ya kumsika. Wina anati, "Chotsani chitenjecho tione nkhope, mwina n'kukhala wathu." Wina anadziwa kale chifukwa chake: mwini lole ndi wokhwima, chaka chilichonse amapereka munthu. Wina anati dalaivala anali ataledzera, iyeyo akulemba ali ku Joni. Mayi wina anaika chithunzi chake chomwe, tsitsi atangomangitsa kumene, milomo yonyezimira, mutu atapendeketsa, pansi pake n'kulemba kuti, "Imfa iwe, wandipweteka." Anthu makumi angapo anamuyankha kuti wakongola.

Panalinso mlaliki. Iye anati amene akufuna kuona chaka cha mawa alembe kuti Ameni, ndipo wodutsa osalemba adziwonera yekha. Anthu analemba. Panabweranso wamalonda, waulemu wake ndithu: "Pepani aferedwa, Mulungu akutonthozeni. Amene mukufuna mbewu ya kachewere yabwino ndipezeni kumbali." Pamenepo ndinaseka, kuseka koipa, mpaka mayi amene anakhala pambali panga ndi dengu la kabichi anasuntha pang'ono.

Koma chimene chinanditentha kwambiri ndi chiganizo chimodzi chimene ankangokoperana, uyu kwa uyu: "Mzimu wake uutse mumtendere." Ine ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndipo cholembera changa chofiira chatha pa mawu amenewa. Kuusa ndi kupuma. Kuutsa ndi kudzutsa munthu amene wagona. Chilembo chimodzi chokha, koma ukachiika wamuchotsa munthu pamphasa. Ndinayamba kulemba yankho: "Ndi uuse, osati uutse, mbuli inu." Chala chili pafupi kutumiza ndinadziona ndekha, malume wa womwalirayo, ndikuchonga sipelo pansi pa mtembo wa mphwanga. Ndinafufuta.

Ndisadziyeretse. Inenso zilembo zitatu zija ndinaziponyapo kambirimbiri pa maliro a anthu amene sindiwadziwa, nthawi zina ndikudikira kuti madzi osamba afunde. Ndinaikapo tinkhope tolira, nkhope yangayanga ili youma ngati chitsononkho. Sindinaganizepo kuti kwinakwake kuli munthu amene ali paulendo, akupemphera kuti mayi wa womwalirayo asaone. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinali ndikuwaphunzitsa ana mwambi umenewu chaka ndi chaka, kuwapatsa mamalikisi akaumasulira bwino.

Minibasi inanyamuka mochedwa, n'kumaima paliponse pamene munthu wakanda mutu. Tinadutsa pamalo a ngozi paja. Lole anali ataikoka kale, koma anthu anali akutolabe mbatata m'ngalande, ena m'zipewa, ena m'malaya. Theka la minibasi linatulutsa mafoni pawindo. Ine ndinayang'ana mawondo anga.

Tikuyandikira pa Linthipe, ndinayang'ananso pafoni. Wina anali atatchula dzina. Analemba dzina lonse, mudzi, ndi mfumu yake yomwe, n'kuikaponso chithunzi cha mphwanga atavala suti pa ukwati wa mnzake. Wolembayo anali mnyamata amene anaphunzira naye ku pulayimale, amene anasamukira ku Lilongwe kalekale. "Dzulo lomweli timacheza, m'bale wanga," analemba choncho. Dzulo liti? Mphwanga dzulo lake anali m'dimba kukumba mbatata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndinamulembera kumbali kuti afufute, mayi ake sanamve. Anandiyankha msanga: "Pepani ankolo, mwalimba mtima." Sanafufute. Anthu anali atayamba kumupepesa iyeyo, ndipo ankayankha aliyense payekhapayekha kuti zikomo.

Pa Linthipe ndinakwera njinga yamoto. Ndinauza wakabazayo kuti athamange, iye n'kuthamangadi, ndiye ndinamuuzanso kuti achepetse, poopa kuti mauthenga angakhale awiri. Msewu unali wafumbi ndi mabampu, mphepo ikulowa m'makutu. Munthu aliyense amene tinamupitirira atagwira foni ndinkamuyang'ana ngati mdani. Pena ndinkayeseza mawu oti ndikanene, pena ndinkadzifunsa chifukwa chake ntchito imeneyi yagwera ine. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Mbumba ndi yanga, wina woti n'kumutuma panalibe.

Ndinatsika patali pang'ono ndi mudzi kuti phokoso la njinga lisandilengeze. Ndinatchera khutu. Kunalibe kulira. Kunkamveka mtondo kwinakwake, ndi wailesi. Ndinati mumtima, ndafika ine poyamba.

Ndinadzera kwa mayi wa mu mphakati uja. Ndinamupeza akupeta nyemba. Nditamunong'oneza anaika lichero pansi, n'kugwira pakamwa. Anakaitana mnzake, ndipo awiriwo ananditsatira chapatali ngati akupita kwina.

Pakhomo pa alongo anga panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuonekabe, chonsecho dzuwa linali litayamba kupendeka. Iwo anali atakhala pamphasa pakhonde, miyendo atatambasula, kolona ili m'manja. Pambali pawo panali mpando umodzi, wopanda munthu.

"Odi kuno."

"Odini, alongo. Khalani apo."

Ndinakhala, n'kuvula chipewa. Anandipatsa moni, ndinayankha. Anafunsa za alamu awo kuboma, za ana, za chifuwa chimene chinkandivuta mwezi wathawo. Inenso ndinafunsa za miyendo yawo, ngati mankhwala akumwa. Anati akumwa. Amayi awiri aja anafika n'kukhala pansi, mmodzi mbali iyi, wina mbali inayo. Alongo anga anawayang'ana, n'kuyang'ananso chipewa chimene chinali pabondo langa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, koma iwo anatsogola.

"Ndidapita ku mjigo m'mawa," anatero, mawu ali phee. "Mtsikana uja adakwatiwa kwa anyakwawa adali ndi lamya yake, akuwonetsa anzake. Ati taonani ngozi ya ku msewu. Nane adandionetsa. Iye sadadziwe kanthu, musakam'dzudzule. Dzina padalibe."

Anasuntha mkanda umodzi wa kolona.

"Koma chigamba chija ndidasoka ndine. Nsalu yake ndi iyi ndavalayi."

Ndinayang'ana chitenje chawo. Chinali chobiriwira, chodulidwa pakona.

Tsono anali atadziwa kuyambira m'mawa. Anasenza ndowa yawo mpaka kunyumba, n'kutula, n'kusesa pabwalo, n'kutulutsa mpando. Maola onse amene ine ndinkalimbana ndi minibasi ndi ndemanga za anthu, iwo anali pamphasa imeneyi okha. Ndinamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi, osadziwa woti ndimukwiyire.

"Bwanji simudaitane anthu, alongo?" ndinafunsa.

"Ndikadaitana kuti chiyani? Palibe adandiuza. Mwana wanga ndingamulire chifukwa cha galasi?" Anasunthanso mkanda wina. "Komanso mtsikana uja adawerenga zimene anthu alemba m'munsimo. Ambiri. Onse akuti uutse, uutse. Mzimu wake uutse. Ndiye ndidati kapena wangokomoka, anthuwa akupempherera kuti adzuke. Anthu ophunzira onsewo sangalembe chinthu chimodzimodzi pachabe. Nanenso ndakhala ndikupempha zomwezo."

Mmodzi wa amayi aja anayamba kusisima chamumtima. Foni yanga inanjenjemera m'thumba; kaya mphepo inabweretsa netiweki kuchokera kuchulu kuja, sindikudziwa. Sindinaigwire.

Alongo anga anaika kolona pamphasa, n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sachitachita.

"Inu ndinu aphunzitsi, mawuwa mumawadziwa. Tandiuzani ndi pakamwa panu. Amuutsa?"

Mawu onse amene ndinayeseza panjinga paja anathawa. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, pafumbi, pafupi ndi mapazi awo.

"Iyayi, alongo," ndinatero. "Adalakwitsa kulemba. Mwana uja watisiya."

Amayi aja anawagwira m'mapewa. Ndipo pamenepo, dzuwa litapendeka kale, m'pamene mudzi wathu unamva kuti kwagwa maliro.