Bashi Kanso

A Jairus Sakala a ku Bulangililo amadziwa kuwotcherera zitsulo, zimenezo palibe angatsutse. Geti limene apanga iwo limatsala chiimire nyumba itagwa kale. Anabwera ku Kopala, dera la migodi, kuchokera ku Katete ali mnyamata, mgodi unawakana, ndiye anagwira chitsulo mpaka chinawapatsa mkazi, nyumba ndi mpando wa mkulu wa mpingo. Vuto lawo ndi makutu. Amamva theka la mawu, theka linalo n'kudzipangira okha, ndipo limene adzipangiralo nthawi zonse limakhala lowakomera.

Mwana wawo woyamba, Chiyanjano, amaphunzira zamalamulo ku yunivesite. Pa tchuthi chachikulu anam'tumiza kukaphunzira ntchito ku ofesi ya maloya a khonsolo, imene kuno timangoti kanso. Ntchito yake inali kufotokopa mapepala, kunyamula mafayelo popita kukhoti, ndi kukhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Mtsikanayo anafotokoza zimenezi kunyumba momveka bwino, koma bambo ake anatolapo mawu awiri okha: loya ndi kanso.

Tsiku lina a Jairus anavala jekete la pa Mgonero nati akupita m'tauni kukagula ndodo zowotcherera. Sitolo ya ndodozo anaidutsa ngati ili ndi matenda, n'kukapezeka pakhonde la ofesi ya mwana wawo. Ali chiimire, loya wamkulu wa pamenepo, a Reginald, anasuzumira pakhomo n'kuitana Chiyanjano kuti, "Kanso, bweretsa fayelo ija."

Maloya ali ndi mawu achingerezi amene amaitanirana, ndipo m'kamwa mwa munthu wa kuno amatuluka chimodzimodzi ndi dzina la khonsolo. Kwa wophunzira amawanena moseka, monga umatchulira mwana wovala nsapato za bambo ake kuti bwana. A Jairus zimenezo analibe nazo ntchito. Iwo anamva kuti mwana wawo ndiye kanso yeniyeniyo, nabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo.

"Amake Chiyanjano, mwana wathu samutchula dzina kuja," anauza akazi awo, a Felistas. "Amati Kanso. Ndadzimvera ndekha."

"Nanga ndodo zili kuti?" anafunsa a Felistas.

Mlungu usanathe nkhani inali itafika kumpingo ndi kumsika, ndipo anansi achibemba, amene amatchula munthu ndi dzina la mwana wake, anayamba kuwaitana kuti Bashi Kanso, kutanthauza bambo a Kanso. Ankanena akutsinana. A Jairus analandira dzinalo ndi manja awiri.

Msasa wawo wowotcherera unali waung'ono kuseri kwa nyumba, ndipo kwa zaka zambiri ankasirira malo a kutsogolo, pakati pa mpanda ndi msewu, pamene aliyense ankadziwa kuti ndi pa boma, podzadutsa ngalande. Tsopano mantha anawathera. Anatenga mapaipi onenepa amene ankasungira ukalamba, nawazika mu konkire, n'kufolera ndi malata atsopano. Chuma chawo chonse chinalowa mumsasa umenewu, ndipo unalidi wokongola.

Anthu a kanso atabwera n'kulemba chizindikiro chofiira chosonyeza kuti msasawo ugumulidwa pa malatawo, a Jairus anangopakapo penti. Chiyanjano atafika madzulo anaona pentiyo ikadali yaiwisi.

"Atate, phwasulani nokha zinthu zisanaipe," anatero.

"Iwe ungowauza chabe anyamata ako."

"Atate, ine kuja amandituma ngakhale kukagula madzi akumwa."

A Jairus anaseka mokondwa. Anaona kuti mwana anamulera bwino, ukulu wonsewo koma n'kumadzichepetsa.

Lole ya kanso inafika m'mawa dzuwa litakwera, nthawi yabwino yoti aliyense aonerere. Munatsika apolisi a kanso ndi nyundo zawo. Kumbuyo kunaima galimoto ya a Reginald, amene anabwera ndi chilolezo cha khoti, ndipo amene anawanyamulira mafayelo anali Chiyanjano. A Jairus anatuluka akumwetulira, napukuta manja pa ovolosi.

"Kanso," anaitana mokweza kuti anansi amve, "auze anthu akowa kuti asochera."

A Reginald anayang'ana mkuluyo, kenako mtsikanayo.

"Ndi bambo ako awa?"

"Ndi atate," anayankha Chiyanjano, maso ali pansi.

"Kakhale m'galimoto."

Anapita osacheuka, ngati mwana wa sukulu wothamangitsidwa m'kalasi. Apa m'pamene a Jairus anamva mawu onse athunthu koyamba m'moyo wawo, ndipo manyazi anawagwira.

Apolisi anakanganula malata mosavuta, koma atafika pa mapaipi nyundo zinkangodumpha. Anamenya mpaka thukuta, chitsulo osagwedezeka. Mkulu wawo anatopa nauza a Jairus m'Chibemba kuti akaitana chigalimoto chogumulira, koma chimenecho sichisankha, chidzatenga ndi khoma la nyumba lomwe.

A Jairus analowa m'nyumba, natuluka ndi makina awo odulira zitsulo. Anagwada pa paipi yoyamba, imene anaiwotcherera okha mwaluso lonse, nayamba kuidula anansi akuonerera. Nthambo ya magetsi inkakwawa m'matope, ndipo palibe anasuntha kuti awathandize. Chitseko cha galimoto chinatseguka. Chiyanjano anasiya mafayelo pampando, nadutsa pakati pa anthuwo ndi siketi yake yakuda ya kukhoti, n'kunyamula nthamboyo. Anaigwira choncho mpaka bambo ake anagwetsa paipi yomaliza.

Masiku ano a Jairus anabwerera kumsasa wakale kuseri kwa nyumba. Mageti awo akadali olimba, ndipo Chiyanjano anabwerera ku yunivesite. Dzina lija lokha ndilo linakana kudulidwa. Munthu akadutsa n'kufuula moni wa m'Chibemba kuti, "Mwashibukeni, Bashi Kanso," iwo amatsitsa chigoba chowotcherera kumaso, ngakhale pamene palibe chimene akuwotcherera.