Mtovu wa Ukonde M'mfuti ya Agogo

Munthu womaliza pakhomo pathu kuona bwinobwino m'kati mwa mfuti ya agogo anga, a Selemani, ndinali ine, mtsikana wa kupulayimale. Chinali chaka chimene zipani zinachuluka, ndipo mfutiyo inali yokhayo yalaisensi m'mudzi mwathu ku Liwaladzi.

Ndikawakumbukira agogowo ndimamva fungo la palafini wosakanikirana ndi mafuta a makina osokera, fungo limene linkakanirira mumkanjo wawo woyera ngakhale utachapidwa chotani, ndipo limodzi nalo kumabwera kulira kwa ndodo yachitsulo ikulowa ndi kutuluka m'paipi ya mfuti pakhonde, nkhuku zikutolatola mpunga wogwa pamphasa. Anagwira ntchito yolondera nyama kunkhalango ya boma. Atapuma, inawatsalira ntchito imodzi: mvuu zikatuluka m'madzi kudzadya mpunga kudambo, anthu ankathamangira kwa iwo, iwo n'kukawombera m'mwamba kuti zibwerere.

Anali ndi kachipangizo kamene ana tinkaletsedwa kukhudza. Kanali kachitsulo kowonda kuposa pensulo, kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Kunsonga kwake kunali kagalasi ndi kababu kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo mbali inayo kunali poika diso ndi mabatire. Anawasiyira mzungu wina amene ankagwira naye ntchito kunkhalango. Agogo ankangokatchula kuti diso.

Chaka chimenecho nkhani ya mfuti inali pakamwa pa aliyense. Kunkamveka kuti zina zamwazikana m'midzi, ndipo apolisi analengeza kuti aliyense wokhala ndi yalaisensi apite nayo kuboma akaione. Yopezeka ndi chokayikitsa inkatsala komweko, mwini wake n'kuyankha mafunso. M'mudzi mwathu anthu ankada nkhawa ndi mpunga: mfuti ikatsala kuboma, mvuu adzazithamangitsa ndani?

M'mawa wina agogo anayala chiguduli pakhonde, nachotsa chotsekera chakumbuyo kwa mfuti, nalowetsa diso lija m'paipi. Anasuzumira nthawi yaitali. Anatikita m'maso, nasuzumiranso. Kenako anandiitana mmene ankandiitanira akafuna kundiseka.

"Akazi anga, tabwerani kuno. Maso anuwo mumangoonera anyamata kusukulu. Lero agwireko ntchito."

Nditagwada pafupi ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachizindikire: m'kati mwa maso awo munali mutayera ngati madzi otsukira mpunga. Inali ng'ala, ndipo agogo anali asanauzeko aliyense pakhomo.

Ndinaika diso langa pagalasi ndikuyembekezera mdima. Ndinaona njira yowala, yokhala ndi tingalande tozungulira ngati chilambe chokulunga mtengo. Ndinafunsa ntchito yake. Agogo anati timapotoza chipolopolo kuti chizizungulira potuluka, chifukwa chozungulira ndicho chimapita molunjika.

"Mukuona chiyani?"

"Ndi mwakuda, agogo."

Mawu awo anasintha, zoseka zinatha. "Kuda ndi maganizo ako. Ndiuze mtundu wake, undiuzenso pamene chili."

Ndinayang'ananso, iwo akukankha kachitsulo kaja pang'onopang'ono. "Ndi zotuwa. Zikunyezimira ngati mamba a usipa omata m'bwato. Zadzaza m'tingalandemo, makamaka chakumbuyo kuno."

"Zofiirira palibe?"

"Palibe."

Agogo anatulutsa kachitsulo kaja m'paipi. Zipolopolo zimene ankagula ndi laisensi yawo zinali zokutidwa ndi mkuwa, ndipo zikasiya kanthu m'paipi kamakhala kofiirira. Zotuwa zimachokera ku mtovu wosakutidwa, umene ndi wofewa moti umapakika m'chitsulo ngati phula. Ndipo kwathu mtovu unkapezeka m'manja mwa asodzi okha, amene ankasungunula wa m'mabatire akale a galimoto n'kumangirira kuukonde kuti uzimira.

Pansi pa mtengo wa mango, amalume anga a Juma ankasoka ukonde.

"Juma!"

"Wawa, bambo."

"Ukonde wakowo ukumira bwino masiku ano?"

"Ukumira ndithu."

"Ndafunsa chifukwa mtovu wako wina uli m'mfuti mwanga."

Amalume anayamba kufunafuna singano imene inali m'manja mwawo momwemo. Kenako anaulula. Ng'ona ina inkawang'ambira ukonde pamathiriro a mtsinje. Lachisanu lina agogo ali kumzikiti, iwo anasolola mfuti pansi pa bedi, napereka mtovu kwa munthu wina wopanga zipolopolo mobisa, nakawombera nazo.

"Si ufulu wafika, bambo? Ng'ona nazo zizidziwa."

"Unaipha?"

"Inathawa."

"Uthokoze Mulungu kuti paipi sinakuphulikire kumaso. Ufulu wakowo ukanauona ndi diso limodzi."

Agogo aakazi anaseka kukhitchini, koma pakhonde panalibe woseka. Wapolisi wodziwa ntchito yake akanaona zotuwa zija akanadziwa kuti mfuti yawombera zipolopolo zosaloledwa, ndipo poti nkhalango ya nyama inali pafupi, akanaganiza kuti inkaphera nyama mozemba.

Ntchito inatitengera masiku angapo. Agogo ankathira palafini m'paipi n'kuisiya kuti anyowetse litsiro. Kenako ankakulunga timawaya tamkuwa, tochokera m'wailesi yakufa, paburashi ya kunsonga kwa ndodo. Ndinafunsa chifukwa chake mkuwa, osati waya wa njinga. Anati mkuwa ndi wolimba kuposa mtovu koma ndi wofewa kuposa chitsulo, choncho umapala mtovu osakanda paipi. Wokankha ndodo anali amalume, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, mpaka m'manja munatuluka matuza. Pambuyo pake ankadutsitsamo kansalu koyera kong'ambidwa kumkanjo wakale, ndipo kankatuluka ndi tizidutswa totuwa tonyezimira padzuwa. Akatero, diso linkalowa, ine n'kugwada.

"Kutsogolo kwayera. Pakati patsala kamzere kamodzi kumanzere."

"Wamva, Juma? Kankha."

"Mwanayu akungondizunza dala, bambo."

"Bwera udzaone wekha."

Amalume sanabwere. Ankati kachitsulo kaja kamawachititsa chizungulire.

Tsiku limene ndinanena kuti tingalande tonse tikuoneka kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, agogo anandibwerezetsa. Anapakamo mafuta a makina osokera, nakulunga mfuti m'chiguduli. M'mawa mwake tinakwera matola kupita kuboma, ine nditawagwira mkono.

Wapolisi amene anatilandira anaona laisensi, nachotsa chotsekera chija, nalozetsa paipi pawindo. Anasuzumira, naimba kamluzu.

"Madala, mfuti iyi mumaisamala ngati khanda. Tengani, palibe vuto."

Agogo sanatambasule dzanja. "Isungeni, bwana. Ndabweza."

Ndinawakoka mkanjo, poganiza kuti sanamve bwino. Wapolisi uja anabwereza kuti palibe vuto lililonse.

"Vuto lili apa," anatero agogo akuloza maso awo.

Tili panja podikira galimoto ndinalephera kuugwira mtima. "Nanga tinavutikiranji masiku onse aja, agogo?"

"Ikanapita ndi mtovu uja, amalume ako akanagona m'chitokosi. Komanso yatidyetsa zaka zonsezi, tikanaisiya yakuda?" Anakonza chipewa chawo. "Inachoka pansi pa bedi langa n'kubwerera ine osadziwa. Mwaonatu, akazi anga, ulonda wanga unatha kale."

Anthu m'mudzi anadandaula, ena mpaka anasiya kuwapatsa moni kwa kanthawi. Mpunga wa chaka chimenecho unalonderedwa ndi zitini ndi ng'oma, ndipo mvuu zinadyako ndithu. Woyang'anira oimba zitini agogo anasankha amalume a Juma, amene sanapatsidwe mpata wokana.

Agogo anamwalira ndisanamalize sekondale. Diso lija anandisiyira ine. Ndalemba nkhani m'manyuzipepala zaka zambiri, ndipo munthu akandiuza kuti zinthu zaipa, ndimamufunsabe mtundu wake ndi pamene zili.

Kababu kake kanapsa kalekale. Wokonza mafoni wina pa Dwangwa akuti aikamo kena sabata yamawa. Mwana wanga wamkazi wasonkhanitsa kale mabango, paipi ya madzi ndi chitoliro cha kusukulu kuti aone m'kati mwake. Amalume a Juma, amene tsopano ndi nkhalamba, atumiza uthenga woti abwera, ndipo akuti ulendo uno asuzumira.