Chithunzi changa pa botolo la Mjeremani

Fungo la masamba a bulugamu owiritsa limandibwezera ku Elsburg, ku Joni, nyengo yozizira ija ndili mwana. Tinkakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya Mjeremani wina wochiritsa ndi zitsamba, madzi ndi dzuwa. Bambo anga ankamulimira zitsambazo, amayi ankatsuka mabotolo, ndipo tonse tinkamutchula a Dokotala.

Chaka chimenecho chifuwa chinanditha, ndinangotsala mutu ndi mawondo. A Dokotala ankandifunditsa bulangete pa nthunzi ya bulugamu, m'mawa n'kundiyendetsa wopanda nsapato pa kapinga wa chisanu mpaka zala kuchita dzanzi. Tiyi wawo anali wowawa ngati ndulu, koma ndinkamwa chifukwa pambuyo pake kunkabwera supuni ya uchi. Anandijambula ndili wowonda, anandijambulanso masaya atabwerera. Ndinkawakonda kwambiri, mumtima ndinkawayesa agogo anga.

Mankhwala a chifuwa a Dokotalawo atalowa m'masitolo, nkhope yanga inali pa botolo lililonse. Ndinkayenda monyada, mapewa m'mwamba.

Tsiku lina Loweruka kunabwera mayi Asiyatu, akwathu ku Machinga amene ankagulitsa zovala ku Thokoza, tauni yapafupi. Analowa pageti akulira, atanyamula shuga wa chipepeso. Atawona bambo akuthirira mbewu, anakhala pansi mwadzidzidzi.

"A Jafali, muli moyo? Pabotolo alemba kuti mwanayu ndi wamasiye, makolo ake anaphedwa pa zipolowe za kumahositelo!"

Amayi anga anagwira pakamwa. Kwathu kunena kuti munthu wamoyo wafa ndi kumulaula. Ine ndinathamangira kwa a Dokotala kukawauza kuti alakwitsa. Anaseka, nandisisita kumutu, n'kundipatsa supuni ya uchi.

Ndinadikira kuti bambo akalipe. Iwo anangotola paipi yawo yothirira. "Tilibe mapepala, mwanangu. Kuno ndi ku Joni," anatero.

Masiku amenewo ndinakwiyira bambo, ndinkati ndi amantha, ndipo uchi wa tsiku lija ndinanyambita ndithu. Lero ndikudziwa kuti a Dokotala ankadziwa bwino kuti munthu wopanda mapepala sangakadandaule kulikonse. Chifuwa anandichiritsadi, sindikana. Koma bambo anawalimira zitsamba zaka zambiri pambuyo pake, akulongedza okha m'makatoni mabotolo onena kuti iwo anafa.