Mkeka wa Mwana Amene Sanafike

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. M'fulati mwanga ku Thamesmead, kuno kudziko la azungu, munali anthu paliponse. Amayi a kutchalitchi anali atagona pansi m'chipinda chochezera atafunda majasi awo, ena atatsamira khoma, nsapato zili mulu pakhomo. Nyimbo za usiku tinaziimba monong'ona, chifukwa mzungu wa pansi pathu anagogoda kawiri, ndipo kachiwiriko sanabwere ndi nkhope ya chipepeso. Thupi la bambo linali kwa okonza maliro. Maliro a kuno ndi otero, mumalira mozungulira tebulo, pali chithunzi ndi kandulo basi.

Ndinalumpha miyendo ya anthu kupita kukhitchini kukatereka madzi a tiyi. Ndikudutsa pachipinda cha bambo ndinamva mawu. Mng'ono wanga Tadala anali atakhala pabedi lawo pamodzi ndi alendo awiri amene anabwera nawo kuchokera kuchilumba kumene iye amakhala, agogo ena a imvi mbuu ndi mbusa wina wamfupi. Ankayankhula chilankhulo chawo chija, ndipo Tadala ankaseka misozi ili m'maso. Ndinaima pakhomo, palibe amene anandiona. Nsanje inandigwira, ndipo sindibisa, sinandisiye tsiku lonse.

Bambo anali mbusa, ndipo ankadziwa Chigiriki kuposa njira ya kumsika. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi anatumidwa ku kachilumba kena ka ku Vanuatu, pakati pa nyanja ya Pacific, kukathandiza anthu a kumeneko kumasulira Baibulo m'chilankhulo chawo. Mayi anapita nawo. Ine anandisiya kwa azakhali ku Dedza, ati sukulu ya kuchilumbako inali kutali, adzanditenga akakhazikika. Ubwana wanga ndinauwerenga ndi mabuku a m'Baibulo. Makalata awo ankati, tikamaliza Marko tibwera. Tikamaliza Machitidwe tibwera. Ndinalemba mayeso a Fomu 4 iwo ali pa Aroma, ndinavala yunifolomu ya unamwino ali pa Ahebri. Ankabwera kutchuthi patalipatali, atanyamula zigoba za nkhono za m'nyanja ndi kamwana kochita manyazi ndi Chichewa. Kamwanako kanali Tadala. Iye anabadwira komweko, ndipo anakulira pamiyendo ya bambo, iwo ndi akuluakulu a pamudzi akukangana za vesi imodzi mpaka dzuwa kulowa.

Mayi atamwalira, ndine amene ndinawaitanitsa bambo kuno. Tadala anatsala kuchilumbako akuphunzitsa sukulu. Ndine amene ndinkawasambitsa ndisanayambe ulendo wautali wa basi ndi sitima wopita kuntchito kuchipatala ku Edmonton. Ndine amene ndinkawawenga zikhadabo. Koma sitiroko itawagwira kachiwiri, Chichewa chinawathawa, Chingerezinso chimodzimodzi, n'kutsala chilankhulo cha kuchilumba chokha. Akafuna chinthu ndinkaimbira foni Tadala kuti andiuze zimene bambo anga akunena. Mawu awo omaliza ndinawamva ndi makutu angawa, koma tanthauzo lake ndinachita kuuzidwa pafoni.

Kunacha ndi mvula yowaza ndi mphepo ya kumtsinje yolowa m'mafupa. Tinasamukira kuholo ya tchalitchi. Moto wa panja wa pamaliro kunalibe. Amayi anapanikizana m'kakhitchini ka holoyo, mpunga ndi nkhuku zili pambaula za gasi, alamu ya utsi ikulira mpaka wina anakwera pampando n'kumaikupiza ndi chitenje. Anthu anayamba kufika. Anamwino anzanga anabwera molunjika kuchokera kushifiti ya usiku, atamanga zitenje pamwamba pa yunifolomu. Anzathu a ku Zambia anafika atadzazana m'magalimoto, akudandaula za poimika. Ana ovala masuti akuda ankalonjeredwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi. Aliyense ankandigwira dzanja n'kupepesa, koma asanamalize n'komwe maso ake ankathawira kwa alendo aja. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ka awa kanali kometa ine.

Agogo aja anali atanyamula mtolo wautali wokulungidwa m'pulasitiki, ndipo sankausiya ngakhale pomwa tiyi. Ndikugawa mapulogalamu, Tadala anabwera pambali panga.

"Asisi, agogowa abweretsa mikeka. Kwathu mwana amayala mkeka wake pabokosi la kholo lake, n'kukwirira limodzi. Tingapeze kamphindi kumanda?"

Mawu oti kwathu anandibaya. Ndinaona kale mmene zikakhalire: Tadala akuyala mkeka wake khamu lonse likuona, ine mwana woyamba nditaima manja lende ngati waganyu wosamalira odwala. Mkeka ndikanautenga kuti? Kuchilumbako sindinapondeko ngakhale kamodzi.

"Pulogalamu yadzaza," ndinamuyankha. "Manda a kuno amapereka nthawi. Si kwanu kumene mumakhala mpaka mafunde atatopa."

Anangoti chabwino asisi, n'kubwerera kwa alendo ake. Ndinadziwa kuti ndayankhula moipa, ndipo zinandikomera.

Pamapemphero, mbusa wa kuchilumba uja anawerenga m'Baibulo la chikuto chobiriwira limene bambo anatherapo moyo wawo. Palibe Mmalawi kapena Mzambia amene anamvapo liwu ngakhale limodzi, koma holo yonse inangoti zii, ena n'kumapukuta misozi. Tadala ankayendetsa milomo limodzi ndi mbusayo osayang'ana m'buku. Ine ndinaliyang'ana bukulo n'kuona mwana wachitatu wa bambo, amene anamukonda kutiposa tonse. Woyankhula m'malo mwa banja anatchula zaka zawo za kuchilumba, mabwato amene anakwera, malungo amene anadwala chifukwa cha ntchito ya Mulungu. Za matewera amene ndinkawasintha sanatchule. Nanga zoterozo amatchula pamaliro?

Ulendo wa kumanda unayenda pang'onopang'ono. Galimoto yakuda inali patsogolo, ife pambuyo pake, mzere wathu ukuduka pa maloboti aliwonse. Basi yofiira inalowerera pakati pathu ndipo inaperekeza nawo bambo kamtunda ndithu, anthu a pamwamba akutiyang'ana pawindo. Bambo wina wachizungu woima pasiteji anavula chipewa. Ine ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi Tadala ndi agogo aja, mtolo uja utapingasa pamiyendo yathu. Nsonga yake inkandigunda bondo pakona iliyonse.

Kumanda kunali matope okhaokha. M'mbali mwa dzenje anayalamo udzu wapulasitiki, ndipo anyamata okwirira anaima chapatali ndi kathirakitala kawo, akutidikira. Bokosi litatsitsidwa, ndinakweza dzanja kuti kwaya iyambe nyimbo yotsekera. Agogo aja sanasamale za pulogalamu ya munthu. Anagwada m'matopemo n'kumasula mtolo wawo. Munali mikeka iwiri. Waukulu, wofiira m'mphepete, anapatsa Tadala, ndipo iye anagwada n'kuutsitsira pabokosi. Wachiwiri unali waung'ono, wakale, wotuwa ndi utsi, koma wooneka kuti palibe anagonapo. Agogowo anadzuka nawo n'kubwera molunjika kwa ine. Anatchula dzina langa. Analitchula bwinobwino, ngati munthu amene wakhala akulitchula zaka zambiri.

Anayankhula, Tadala akumasulira. Kuchilumbako aliyense wa m'nyumba amakhala ndi mkeka wake, ndipo munthu amene akuyembekezeka kubwera amamulukira wake asanafike. Agogowa ndi amene analuka uwu chaka choyamba chija, bambo atawasonyeza ndi dzanja pamene msinkhu wanga unkalekeza. Mkeka wa munthu wodikiridwa sagonapo wina, sautaya, saupereka. Umakhala kudenga mpaka mwiniwake atafika. Unakhala kudenga kwa nyumba ya bambo zaka zonse zija, ndipo iwo atachoka agogowa anausamutsira kudenga kwawo.

Agogo atamaliza, Tadala anawonjezera zake, chapansipansi.

"Ine ndinakwapulidwa chifukwa cha mkeka umenewu. Ndinangoutsitsa kuti ndiuone. Adadi sanandimenyepo moyo wanga wonse, kupatula tsiku limenelo. Ndinakula ndikukuchitirani nsanje, asisi. Tsiku lililonse asanayambe ntchito ankayang'ana kudenga."

Anthu onse ankadikira kuti ndigwade ndiutsitse monga anachitira mng'ono wanga. Mvula inkagwera pamaambulera. Mkekawo unali wopepuka m'manja, ukununkha utsi wa nkhuni zimene sindikuzidziwa. Ndinayang'ana m'dzenjemo, bokosi litafunda kale mkeka wofiira uja. Ndinayang'ananso wangawu.

"Uwu sulowa," ndinatero.

Tadala anandigwira mkono. "Asisi, mwambo wake ndi wotero."

"Bambo atenga zanga zambiri. Uwu sautenga."

Agogo aja anayankhula mawu angapo akuthwa, ndipo Tadala sanawamasulire. Mbusa wa kuchilumba anayang'ana pansi. Kumbuyo kwanga amayi ena ananong'onezana, ndinamva wina akuti chisoni chamusokoneza mutu. Sichinandisokoneze ayi. Ndinapinda mkekawo n'kuulowetsa m'jasi kuti usanyowe, ndipo dothi ndinaponya ndi dzanja limodzi. Kwaya inayamba nyimbo yake.

Kuholo ndinadya mpunga mkeka uli pamiyendo. Anthu anapepesa komaliza n'kumabalalika, ena kuthamangira basi, ena kushifiti. Potsanzika, agogo aja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira mphepete mwa mkekawo n'kukonza kachingwe kamene kanatuluka. Sanandimwetulire, koma sanaulandenso.

Madzulo m'fulati munalibenso munthu. Alendo anapita kukagona kwa banja lina la kutchalitchi ku Greenwich. Tadala anatsala, ndipo anagona pabedi la bambo ndi nsapato zomwe. Mipando yobwereka inali itasanjidwa pakhomo, kandulo ija itazima yokha. Ndinayala mkekawo pansi m'chipinda chochezera n'kukhala pambali pake. Ndinauchitira nsanje nawonso. Mkekawo unamva bambo akutsokomola m'mawa, akupemphera, akukangana ndi akuluakulu za mavesi awo. Unawaona akukalamba tsiku ndi tsiku, pamene ine ndinkangowaona pazithunzi. Nsanje ya Tadala sinachotse yanga, zinangokhala ziwiri m'nyumba imodzi.

Kenako ndinavula nsapato n'kugonapo. Mutu unakwana, msana unakwana. Koma bambo anayeza mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mkekawo unandilekeza kumunsi kwa mawondo. Mapazi anatsala pakapeti yozizira.