Pepala la pa Foni ya Adadi

Ntchito ya achemwali anga ndi yovuta kuifotokoza. Ukangoyamba, anthu amayasamula. Koma ndiyesabe. Masiku ano pakompyuta pali makina anzeru amene amatumidwa ngati munthu: kufufuza katundu, kusungitsa malo, kutumiza makalata. Makinawo alibe maso oti aone chida chimene apatsidwa. Amangowerenga mawu ofotokoza chidacho n'kukhulupirira zonse. Achemwali ndi amene amayeza mawuwo ngati ali omveka makina asanapatsidwe.

Tsiku lina ndinakawaona kuntchito kwawoko. Kachipinda kakang'ono, desiki imodzi, zenera loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Tsiku lonse ali duu, osalankhula ndi munthu, kupatula kukalipira kompyuta.

"Taona ichi," anatero. "Walemba kuti, 'Chida ichi chimakonza mafayilo.' Kukonza kotani? Mafayilo ake ati? Makina awerenga, afufuta onse, akuti akonza!"

Mafunso awo anali atatu: chimachita chiyani, chimafuna chiyani, ndipo ndi nthawi iti yosachigwiritsa ntchito. Lachitatuli ndiye ankanyadira nalo. Wolemba akaiwala mzere umenewo, ankamubwezera ntchito yake ngakhale akhale bwana.

Amayi atamwalira, adadi anayamba kuiwalaiwala. Ketulo ankaika pamoto yopanda madzi, makiyi tinkawapeza m'nsapato. Achimwene athu aakulu anati awatenge, poti kwawo kuli alamu ndi ana, nyumba sikhala yopanda munthu. Achemwali, amene ankakhala ndi adadi, anakana kwamtuwagalu. Sanakwatiwe, alibe mwana, zaka zonsezi munthu wowafunsa kuti "waswera bwanji" anali adadi okha. Anagwirizana zoti ayese miyezi itatu. Adadi akalephera kukhala okha masana, apita.

Ndiye achemwali anaigwira ntchito mmene amaidziwira. Nyumba yonse mapepala! Pa ketulo: "Thirani madzi mpaka pa mzere. Musayatse ngati mulibe madzi." Pa mabokosi a mankhwala, tsiku lililonse ndi bokosi lake: "Limodzi mukadya m'mawa. Musamwe ngati bokosi la lero lili lopanda kanthu." Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinati, "Achemwali, adadi mwawasandutsa kompyuta?" Anandiyang'ana diso lija, ndinangotseka pakamwa.

Koma zinayenda, ndisaname. Adadi anali kalipentala, munthu wotsata muyezo. Chimene chalembedwa, ankachita chomwecho. Ketulo sinapserenso, mankhwala sanadumphe ngakhale tsiku limodzi. Kuntchito foni ya achemwali sinalirepo, ndipo iwo ankati umenewo ndiwo umboni woti zonse zili bwino.

Miyezi itatu itakwana tinakumana Loweruka masana, tonse anayi pabalaza. Achemwali anali okonzeka ngati akupita kukhoti. Achimwene anazungulira nyumba, anawerenga mapepala onse, n'kugwedeza mutu. Ndinaona kuti agonja.

Kenako anakhala pafupi ndi adadi n'kufunsa, mongocheza, "Nanga masana mumatani, adadi?"

"Ndimakhala."

"Kukhala basi?"

"Ndimayang'ana chitseko. Nthawi zina ndimatenga foni."

"Ndiye mumaimbira ndani?"

Adadi anatulutsa foni m'thumba la malaya. Kumbuyo kwake kunali pepala lomata ndi selotepi, lothimbirira chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu: "Dinani batani lobiriwira kuti mulankhule ndi mwana wanu. Musaimbe nthawi ya ntchito ngati palibe vuto."

Anakweza mutu n'kuyang'ana achemwali. "Ndimafika pa mzere wachiwiriwu n'kuibweza m'thumba. Kusungulumwa si vuto, eti mwanawe? Ndimaopa kulakwitsa."

Abale inu! Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa nawo mtima achemwali, ndinafuna kuwalalatira pomwepo. Miyezi itatu munthu wamkulu akuyang'ana chitseko chifukwa cha mzere umodzi! Koma nditawaona nkhope, ndinaleka. Anali atagwira pakamwa, maso ali gwa pa kapepala kaja. Mzere umene ankabwezera nawo anzawo ntchito anaulemba bwinobwino, ndipo adadi anautsata ndendende.

Achimwene sanakweze mawu. Anangoti, "Chemwali, ndibwera ndi galimoto Lachitatu." Achemwali sanatsutse.

Tsiku lonyamuka, achemwali anamatula pepala lija n'kumata lina. Ndinaliwerenga ndikulongedza zovala: "Dinani batani lobiriwira nthawi iliyonse, ngakhale palibe chifukwa." Analowetsa foniyo m'thumba la adadi n'kumanga batani la thumbalo.

Tsopano patha miyezi isanu. Adadi anenepa, adzukulu amawakwera pamsana, alamu amawakalipira akaba shuga. Achemwali amapitako kumapeto kwa mwezi. Kunyumba kwawo mapepala aja akadali pomwepo, pa ketulo, pa chitseko, pa kabati. Ndinawauza kuti awachotse, anati adzachotsa.

Sabata yatha ndinadutsira kuntchito kwawo. Kachipinda komweko, khoma lomwelo. Foni anaiika pa desiki chagada, pafupi ndi dzanja, ndipo pamene tinkacheza anaisuzumira kanayi.

"Aimba?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero, akubwerera pa kompyuta. "Kuli anthu kumeneko. Aimbirenji?"